Masamba Amene Anasutidwa

Dzina loti a Mabuku analipezera kundende. Analowamo tsitsi lili bii, atamenya munthu pa ndewu ya kumowa, munthuyo osadzukanso. Anatulukamo imvi zili mbuu.

Kundendeko kunali kabati ya mabuku amene anthu achifundo ankabweretsa. Panalibe buku ngakhale limodzi lokhala ndi mathero. Akaidi ankang'amba masamba kuti apichirire fodya, ndipo ankayambira kumbuyo, poti kutsogolo woyang'anira akanaona msanga. A Mabuku anapatsidwa ntchito yosoka mabukuwo. Anaphunzira kuboola ndi msomali wonola, kusoka ndi ulusi wa thumba ndi kumata chikuto cha katoni. Koma tsamba losutidwa silisokeka.

Zitseko zinkatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba. Kuwala kunkalowera pa kawindo ka pamwamba, ndipo a Mabuku ankaima pansi pake n'kumawerengera anzawo mokweza. Akafika pong'ambika sankaima. Maso ali pa katoni yopanda chilembo, ankapitiriza ndi za m'mutu mwawo, mawu osasintha. Ambiri ankadziwa, koma panalibe wodandaula. Nkhani iliyonse, kaya ya msilikali, kaya ya mkazi wothawa banja, inkatha chimodzimodzi. Munthu ankafika kwawo, kugogoda, kumutsegulira, kumutenthetsera madzi osamba, n'kumupatsa mpando wake wakale.

Amene ankakhala kutsogolo penipeni anali mkaidi wina wamfupi, wosadziwa kuwerenga, wotchedwa Manoawiri chifukwa ndi okhawo amene anamutsalira m'kamwa. Iyeyu ankakhulupirira kuti zonse zinali zolembedwa. Buku lake lapamtima linali lachikuto chofiira, lojambulidwa sutikesi, lonena za munthu amene anapita kutali kukamanga njanji.

"Madzi aja akhale otentha, a Mabuku," ankatero nkhani ikamayandikira kutha. "Musamuumire mnzathuyo."

Tsiku lotuluka anadzawatenga mlongo wawo wamng'ono. Makolo anali atamwalira, mkazi wawo anakwatiwa kwina kalekale. Mlongoyo anawatengera kunyumba kwa mwamuna wake n'kuwaonetsa kachipinda ka kuseri, kosungiramo njinga yakufa ndi zitini za penti. Anali ataikamo bedi ndi bulangete latsopano. Madzi osamba anali a pampopi.

Madzulo alamu awo anabwera n'kuima pakhomo, osalowa.

"Alamu, tigwirizane chimodzi. Anthu kuno amadziwa kuti munali kunja, kumigodi. Akakufunsani, munali kumigodi."

"Migodi yake iti?"

"Iliyonse. Mgodi ndi dzenje basi."

A Mabuku anavomera. Mlendo satsutsa mwini nyumba. Koma munthu amene anapekera akaidi mathero zaka zonsezo, nkhani imodzi iyi inamukanika. Wina akafunsa za kumigodi, lilime linkawalemera. Choncho anaphunzira kungogwedeza mutu n'kupitirira, ndipo anthu oyandikana nawo anati migodi inawagonthetsa. Kukabwera alendo, mbale yawo inkawalondola kuseri.

"Musaone ngati tikukusalani, achimwene," ankatero mlongo wawo, maso ali pa mbale. "N'kuti mudye mwaufulu."

Anapeza malo pakhonde la sitolo ina yogulitsa makope ndi zolembera. Anaika benchi, katoni, ulusi ndi msomali wawo uja. Ankasoka mabuku a sukulu, a nyimbo, ndi Mabaibulo othothoka chikuto. Masamba omaliza ankawasoka kawiri, ngakhale mwini wake asanapemphe. Anthu ankasiya buku, kudzalitenga, kupita. Panalibe wokhala pansi.

Anali mfulu. Loweruka ankayenda mpaka pamene tala akuthera, n'kubwerera. Palibe ankawaletsa, palibenso ankafunsa kumene achokera. Kundende ankawerengedwa m'mawa ndi madzulo, ndipo akanasowa, belu likanalira. Kuno akanatha kusowa mpaka mbale itachita nkhungu pakhomo.

Lamlungu lina masana kunabwera akuluakulu a mpingo. Ankafuna kuwapatsa alamu aja udindo, ndiye anabwera kudzaona banja. Mmodzi wa iwo, nkhalamba yotsokomola, anagwirapodi ntchito kumigodi, ndipo anamva kuti pakhomopo pali mnzake. Mlongo uja anathamangira kuseri atanyamula jekete la mwamuna wake.

"Valani ili, achimwene. Akukufunani pabalaza. Chonde, muyankhule pang'ono."

Kameneka kanali koyamba kukhala pa sofa ya m'nyumbamo. Inali yofewa kuposa mmene ankaganizira. Anawapatsa tiyi m'kapu ya mbale yake. Alamu anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Awa ndi alamu anga, ndiwo mutu wa banja la akazi anga." A Mabuku anadziwa kuti akanena bwino lero, mbale sidzapitanso kuseri.

"Munkatsika pansi, kapena munali a pamwamba?" inafunsa nkhalamba ija.

"Pansi," anayankha. Ndipo lilime linamasuka. "Mdima wake wosaona dzanja lako. Kuwala kumangolowera pa kabowo kamodzi. Anthu ambiri, mpweya wochepa."

"Eeh, ndi momwemo!" inatero nkhalambayo, ikuwomba pabondo. "Awa anafikadi."

Alamu anamwetulira. Mlongo anawonjezera tiyi. Nthawi yomweyo kugeti kunamveka mawu.

"Odi kuno! A Mabuku! Andiuza kusitolo kuti mumagona kuno! Tulukani, nkhalamba yabodza inu, ndalipeza!"

Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Onse anaona kamunthu kakafupi, kovala chikhoti cha ulonda chofika m'mawondo, kakuseka ndi mano awiri, kakugwedeza buku lofiira m'mwamba.

"Ndi wamisala ameneyo," anatero alamu mofulumira. "Amavutitsa m'dera muno. Alamu, simukumudziwa, eti?"

Funso linali losavuta. Ankangofunika kupukusa mutu, monga ankachitira masiku onse. Manoawiri anali atasiya kuseka. Anaona jekete, anaona kapu, ndipo anayamba kutsitsa buku lija pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti wasochera khomo.

A Mabuku anaika kapu patebulo.

"Ndikumudziwa. Tinkagona chipinda chimodzi kundende."

Nkhalamba ija inatsokomola. A Mabuku anavula jekete, analipinda bwinobwino, analiika pa sofa, n'kutuluka.

Panalibe amene anawathamangitsa. Alamu anangosiya kuwayankha moni, ndipo mbale inayamba kufika itazizira. Mwezi usanathe anapeza chipinda cha lendi kuseri kwa malo okonzera matayala. Munali windo limodzi ndi msomali wokolekapo malaya. Mlongo wawo anabweretsa bulangete lija, ataliika m'jumbo. Anaima panja.

"Mukanangodikira alendo apite, achimwene."

"Akanapita, kukanabwera ena."

"Alamu anu udindo uja awamana."

"Pepani, achemwali. Lowani mukhale pansi."

"Ndasiya mphika pamoto," anatero, n'kutembenuka.

Manoawiri anafika Lamlungu lotsatira. Ankalondera galaja ina, ndipo ankagona momwemo, m'basi yopanda matayala. Chitulukireni kundende, kwawo anali asanapite. Buku lija analizindikira ndi sutikesi ya pachikuto, pa mulu wa mabuku akale ogulitsidwa m'mbali mwa msewu.

"Lonse lilimo, palibe wasutako," anatero, akukhala pansi n'kutsamira khoma monga kale. "Yambirani pamene akutsika sitima. Zinazo ndikuzidziwa."

A Mabuku anaima pawindo, poti anazolowera kuwerenga chiimire. Anapeza tsamba limene buku la kundende linkathera. Kuseri kwake kunali masamba ena, oyera, amene sanawaonepo. Anayendetsa maso mwakachetechete. Munthu wa njanji uja anafikadi kwawo. Anagogoda. Anatsegula mayi wachilendo, amene anati eni nyumba akale anasamuka, sakudziwa kumene analowera. Munthuyo anabwerera kusiteshoni, anakhala pa sutikesi yake, n'kumayang'ana njanji imene anamanga yekha. Buku linathera pomwepo.

"Bwanji, maso afooka?" anafunsa Manoawiri. "Fulumirani, madzi azizira."

Mathero akale anali pakamwa, okonzeka. Akanatha kuwanena osaphonya liwu, ndipo Manoawiri sakanadziwa mpaka kufa. A Mabuku anayang'ana chikhoti cha ulonda chija, anayang'ana jumbo la bulangete pakona. Kenako anawerenga zimene zinalembedwa, mzere ndi mzere, mpaka pa sutikesi.

Manoawiri anatafuna nkhama.

"Ndiye madzi aja munkatenthetsa ndinu?"

"Ndine."

"Zaka zonse zija?"

"Zonse."

"Mfiti inu." Anaseka pang'ono, n'kupukuta mphuno ndi mkono wa chikhoti. "Koma wolemba ameneyu anamangidwapo. Ndikukuuzani ine."

Anadzuka n'kudzikung'untha fumbi. Dzuwa linali litapendeka, ndipo ulonda sudikira munthu.

"Bukulo sungani. M'basi muja muli makoswe. Ndibwera Lamlungu, mudzandiwerengere lina. Koma la madzi otentha, mwamva? Ili landikwana."

Atapita, a Mabuku anatenga msomali ndi ulusi. Buku linali lolimba, koma masamba omalizawo anawasokabe kawiri. Analiika pawindo. Kunja okonza matayala ankalongedza zitsulo zawo, akutukwanana mwachibwana, ndipo mmodzimmodzi anapita kwawo. A Mabuku anatunga madzi pampopi, anawaika pa mbaula, n'kukhala pabedi kudikira kuti atenthe.