Batire la a Fundi

A Lyson Mwangomba, amene aliyense ku Ngara amangowatchula kuti a Fundi, ndi munthu amene ndimamukonda, koma masiku ena ndimalakalaka nditawagwira pamapewa n'kuwagwedeza ngati mtengo wa mango. Ndinawadziwa chaka chimene boma linanditumiza kudzaphunzitsa kuno kuchokera kwathu ku Dedza. Wailesi yanga inali itasiya kulankhula, ndiye anthu anandilozera kanyumba kamalata kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Ndinapeza bambo wamfupi, waimvi m'mbali mwa mutu, akununkhiza wailesi ya munthu wina. Kununkhizatu, ndi mphuno! Akuti chinthu chikapserera mkati chimadziulula chokha. Yangayo anaikonza ndisanamalize n'komwe kufotokoza vuto lake.

Sukulu analekezera Sitandade 7. Luso anakalitola ku Mbeya, kumene anakhala zaka zinayi akusesa m'shopu ya munthu wokonza mawailesi, maso ali pa manja a abwana. Anabwerako ndi Chiswahili chothyokathyoka ndi kamita kachikasu koyezera moto, kamene sasiyana nako ngakhale popita kutchalitchi. Kuyambira pamenepo akhala akukonza mafoni, masola ndi nyale zimene asodzi amakopera usipa. Chuma chawo chenicheni ndi batire lalikulu la lole, lolemera moti amanyamula anthu awiri. Paukwati, pamsonkhano wa mpingo, makamaka pamaliro, batire limene limalankhulitsa sipika ndi limenelo. Zaka zonse ndakhala kuno sindinamvepo kuti a Fundi akaniza munthu.

Akazi awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Tusekile. Ndinamuphunzitsa ine ndemwe, ndipo sindinama: mutu ngati umenewo ndauona kawiri kapena katatu basi. Fomu 4 anakhoza bwino, koma anakhala zaka zitatu pakhomo akutembenuza usipa wa eni ake padzuwa. Zinkandiwawa koopsa. Titamva za bungwe lina lakunja limene limatenga atsikana kukaphunzira unamwino, tinalemba kalata limodzi, ndipo mwa anthu mazanamazana dzina lake linatuluka. Chinatsala chinali chimodzi: azungu a bungwelo amafuna kucheza naye pa intaneti, akumuona nkhope.

Ulendo woyamba tinapita ku boma, pamalo ena olipiritsa makompyuta. Atangoyankha funso lachiwiri, magetsi thii! Netiweki ya pafoni nayo inangozungulira mpaka nthawi inatha. Mwamwayi anatilembera kuti amupatsanso mpata Lachinayi lina, teni koloko m'mawa, koma ananeneratu kuti wachitatu sudzakhalapo.

Ine ndinati ulendo uno tipite ku Mzuzu, tikagone komweko. A Fundi anapukusa mutu.

"Asambizgi," anatero, poti umo ndi mmene amatitchulira aphunzitsi kuno, "ku Mzuzu magetsi sazima? Mwana wanga akayankhira pano, pakhonde pa bambo ake. Moto wake ndiupanga ine."

Chimene ankadalira ndi dishi ya intaneti imene mng'ono wawo Anthony anawatumizira kuchokera ku Joni. Ndi kachinthu kafulati ngati thireyi, kamene kamayang'ana kumwamba n'kumakoka intaneti ku masetilaiti. Inali itakhala m'katoni miyezi ingapo chifukwa inapangidwira magetsi a pakhoma, pamene kunyumba kwa a Fundi mapolo sanafike. Anayesapo kuilumikiza ku batire kudzera mu inveta, koma invetayo inkangolira n'kumatentha, batire n'kutha dzuwa lisanafike paliwombo. Anandifotokozera kuti inveta imasandutsa moto wa batire kukhala wa pakhoma, kenako kabokosi ka dishi n'kuubwezanso kukhala ngati wa batire, ndiye wambiri umathera panjira. Nzeru yawo inali yochotsa zonsezo, dishi izidya kuchokera ku batire mwachindunji.

Anali ndi masabata atatu. Anatuma mayi wina wa geni yodutsa malire kuti akawagulire ku Mbeya kachipangizo kokweza moto kuchoka pa mavolti 12 a batire kufika pa 48 amene dishi imafuna. Tsiku lodula chingwe cha dishi ndinalipo. Anagwira pulayala, n'kuibweza pansi, n'kuigwiranso, thukuta lili kamukamu, poti chingwe chimenecho sungachipeze pagolosale. Atadula munatuluka timawaya tisanu ndi titatu tamitundumitundu. Anajambula papepala la simenti kuti kobiriwira kapita apa, kofiirira apo, Tusekile akuwawerengera Chingerezi cha pafoni. Kachipangizo koyamba kanaphulika chifukwa anasemphanitsa mawaya a pabatire, utsi tolo, ine n'kuthawira panja ndikukuwa. Iwo anangokanunkhiza n'kunena kuti, "Ndalakwa ndine." Anatumanso kena, ndipo ulendo uno anaikapo fyuzi.

Lolemba la sabata yomaliza zinatheka. Dishi inafufuza mlengalenga kwa mphindi zingapo, kenako intaneti inabwera yothamanga moti sindinaionepo ngakhale ku Lilongwe. Anaisiya iyake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, batire osatha. Tinaimbira Anthony pa laputopu yanga, tikumuona mpaka dzino lake lobenthuka. A Fundi anavina pabwalo, munthu wamkulu ndithu. Lachiwiri lonse batire linakhala pa sola mpaka kamita kananena kuti ladzaza, ndipo analifunditsa chiguduli n'kulamula kuti pasapezeke wolikhudza.

Lachitatu m'mawa tinamva kulira kumunsi. A Jeffrey Kayange, msodzi wachikulire woyandikana nawo, anali atatisiya. Mtima wanga unagunda, osati chifukwa cha malemuwo okha, Mulungu andikhululukire. Nditaweruka ndinathamangira kwa a Fundi, ndipo ndinapezadi a Gregory, mkulu wa mpingo, atakhala pakhonde ndi amuna ena awiri, zipewa zili m'manja. Sanapemphe n'komwe. Anangoti maliro aikidwa mawa masana, makwaya abwera kuchokera ku Sangilo, ndiye iwowo abwera kudzatenga katundu uja.

Ndinawakokera a Fundi kuseri kwa nyumba.

"Musayerekeze," ndinatero. "Auzeni kuti batire lafa. Auzeni chilichonse! Mawa ndi tsiku la mwana."

"Ndiname pamaliro, asambizgi?"

"Ndiye auzeni zoona."

A Fundi anati, "Manda a amayi ake a Tusekile anandikumbira ndi anthu omwewa. A Jeffrey anagwetsa mtengo wawo kuti tipangire bokosi. Lero ndiwauze kuti malemu apite mwakachetechete chifukwa mwana wanga akufuna kulankhula ndi azungu? Mawa ndidutsa njira iti?"

Ndinakalipa, ndinanena mawu amene sindingawabwereze pano. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ngakhale kwathu ku Dedza maliro n'kulirana, ndipo munthu wokaniza chinthu pamaliro amadzanyamula yekha maliro a pakhomo pake. Tusekile anali ataima pakhomo akumva zonse. Bambo ake atamuyang'ana, iye anangoti, "Apatseni, Tata." Akanati chiyani?

A Fundi anapempha chinthu chimodzi chokha: sipika iyake panthawi ya mapemphero basi, ndipo batire adzalitenganso okha m'mamawa. A Gregory anavomera ndi mtima wonse, ndipo ndikhulupirira kuti sankanama. Koma ndani angazimitse sipika kwaya ya alendo itaimirira? Ndipo ndani angabweze namfedwa amene foni yake yazima pamene akudikira abale ochokera ku Chitipa? Pamene a Fundi ankafika m'mawa wa Lachinayi, anapeza mafoni khumi ndi anayi atalendewera pa batire lija ngati ana a nkhumba pa mayi wawo.

Analibweretsa pa wilibala cha m'ma seveni. Kamita kananena 11.5. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha, moti sola inangokhala ngati chitseko chogoneka padenga. Ine ndinathamangira kunyanja kukapempha mabatire a m'maboti, koma asodzi anali atangokocheza kumene, ndipo nyale za usipa zinali zitayamwa onse. Anandionetsa okha, akupepesa. Za ku boma zinali zosatheka, poti sabata imeneyo mafuta anasowa ndipo anthu ankakhala pamsewu theka la tsiku osaona minibasi. Galimoto imodzi yokha inalipo m'mudzi monse, kapikapu kamene kanapita kukatenga bokosi, ndipo kanali kasanabwere.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana, Tusekile anakhala patebulo atavala bulauzi yoyera imene ndinamubwereka, mapepala ake atawasanja bwinobwino. A Fundi anagwada pambali pa batire n'kulumikiza mawaya. Dishi imadya moto wambiri pamene ikudzuka, ndiye manambala a pakamita anayamba kutsika tikuona, kachipangizo kaja n'kuzima. Anadikira kuti batire lipume, n'kuyesanso. Kanazimanso. Anachotsa fyuzi n'kulumikiza mwachindunji, anafupikitsa waya, anapala mitu ya batire ndi mpeni mpaka inawala.

Ulendo wachinayi inagwira. Inali itadutsa teni ndi mphindi zisanu ndi zinayi. Pa laputopu panaoneka mayi wa magalasi ndi bambo wina wadazi, akumwetulira. Tusekile anapereka moni, anapepesa chifukwa chochedwa, mawu ake osagwedera ngakhale pang'ono. Anamufunsa chifukwa chimene akufunira unamwino. Anayamba kufotokoza za mayi ake, mmene anawaonera akudwala iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ine maso anali pa kamita. A Fundi anali atakumbatira batire lija ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda. Chiganizo chachitatu chisanathe, nkhope za azungu zija zinauma, pakamwa pa mayi uja pali chotsegula.

Tinayesa mpaka leveni koloko. Sinadzukenso. Tusekile anapinda mapepala ake, anavula bulauzi n'kundibwezera ataipinda bwino, kenako anamanga chitenje n'kupita kumaliro kukathandiza kutunga madzi. A Fundi nawo anatsuka m'manja n'kutsatira, chifukwa mwambo wa masana unkafunika munthu woyendetsa sipika, ndipo tsopano anayenera kuilumikiza ku batire la pikapu ija. Ine ndinatsala pakhonde ndikulira ndi ukali, osadziwa woti ndimukalipire. Kumanda, wolankhula m'malo mwa banja anathokoza a Fundi powatchula dzina, kuti ndi munthu wa mtima wabwino amene sakaniza chake. Anthu anavomereza m'munsimunsi, iwo atazolika.

Madzulo ake ndinakwera pachulu pamene pamagwira netiweki n'kulemba kalata yopepesa. Ndinafotokoza za maliro, za mitambo, za mafuta. Nditaiwerenganso ndinaona ndekha kuti munthu wa kutali sangamvetse kuti batire limapita bwanji kumaliro.

Loweruka dzuwa linawala tsiku lonse, batire n'kudzaza. Lamulungu titachoka kutchalitchi a Fundi anayatsa dishi, ndipo inagwira ulendo woyamba womwewo, mosavuta konse. Imelo inalowa nthawi yomweyo. Tusekile anaiwerenga chamumtima, kenako anatembenuzira laputopu kwa ine. Inali yaulemu kwambiri. Anati akupepesa za malirowo, koma malo onse aperekedwa kwa ena, ndipo chaka chamawa zaka zake zidzakhala zitapitirira malire awo.

A Fundi sadziwa Chingerezi chambiri, ndiye ankangoyang'ana nkhope zathu mosinthanasinthana.

"Akuti bwanji, asambizgi? Apereka tsiku lina? Auzeni kuti tsopano ili bwino. Taonani, 12.7! Ikhoza kuyaka mpaka madzulo. Auzeni aimbe ngakhale pompano."

Ndaphunzitsa zaka makumi awiri, ndauzapo makolo ambirimbiri kuti ana awo alephera, koma amene anawauza a Fundi si ine. Tusekile ndi amene anadzuka. Anagwada pambali pa bambo ake, n'kumasula yekha waya wofiira pa batire, mosamala, mmene iwo anamuphunzitsira.

"Zimitsani, Tata," anatero. "Palibenso amene atiimbire."