Batire la Amayi ndi Kabokosi ka Alamu

Amayi ankasamala batire ngati nkhokwe. Kwathu, kuseri kwa msika wa Lirangwe, mawaya a magetsi amangodutsa m'mbali mwa msewu osatiyang'ana n'komwe, ndiye tinali ndi sola imodzi padenga ndi batire limodzi pakona ya pabalaza. Pakhoma panali kontolola ya timagetsi titatu tobiriwira, toonetsa moto wotsala m'batire. Tikayaka tonse titatu, amayi ankalola tivi. Tikatsala tiwiri, ankati mababu ndi foni basi. Kakatsala kamodzi, wofuna kusangalala azikaimba yekha panja. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma batire lawo linakhala zaka pamene mabatire a anzawo ankafa chaka chisanathe.

Tivi yathu inali yaing'ono, yolumikiza ku batire mwachindunji, yokhala ndi kabowo kolowetsapo fulashi. Fulashiyo tinkakabenetsa kumsika kwa bambo wina wa kompyuta, amene ankatiikira makwaya ndi mafilimu omasulira m'Chichewa. Tiviyo sinkadya moto. Lamlungu tikabwera kutchalitchi inkalira mpaka dzuwa kupendeka, timagetsi tiwiri tili chiyakire.

Pa fulashi yomweyo panali vidiyo ya chinkhoswe cha mng'ono wanga. Si vidiyo yoti n'kunyadira, chifukwa wojambulayo anali ndi chikondi chachikulu pa mapazi a anthu. Koma cha pakatikati amayi amaimirira kuti alangize mkamwini watsopano, n'kuloza abambo. Amati bambo awa anabwera pamudzi pano ndi khasu limodzi, dimba la kumtsinje analipeza lili bango lokhalokha, lero likudyetsa mudzi. Kenako amanena momveka, achimwene awo awiri ali pampando wakutsogolo: "Awa pano ndi pawo. Ine ndikadzatsogola, wina asadzawaonetse njira." Anthu amaseka, nthungululu zimalira, abambo amayang'ana pansi akumwetulira. Tinkaonera zimenezi n'kumasekanso, osadziwa kuti mawuwo tidzawafuna.

Amayi anamwalira mvula ikutha. Abambo anali mkamwini, kwawo kuseri kwa Mdeka, kumene anachokako tsitsi lili lakuda. Mwambo wowasudzula anaukonza kuti udzachitike mwezi wozizira, ndipo mpamene zikanadziwika ngati akhala kapena abwerera kwawo. Ine banja langa linali litatha kale, ndinkakhala m'kanyumba ka pambali pa nyumba yawo, ndipo sindinkafuna n'komwe kuganiza zoti nkhalambayo ikayambirenso moyo pakhonde la eni.

Apa mpamene analowerera alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga, mwini chinkhoswe chija. Amakhala ku Chileka, kumene magetsi amabwera pawaya ndipo ndege zimadutsa pamwamba pa denga. Kaya n'chifukwa cha ndegezo, alamu amaona ngati nzeru zonse zikatsika m'dziko muno zimayamba zapereka moni kwa iwo. Patangotha milungu ingapo chiikire maliro anafika ndi chikwama, n'kutulutsa kabokosi kakuda koonera zinthu pa intaneti, kamodemu kokokera netiweki, ndi inveta, poti kabokosiko sikadya moto wa batire pokhapokha utasandutsidwa kukhala ngati wa pawaya. Anati akufuna abambo asamasungulumwe. Mtima wake unali wabwino, sindikana, koma mtima wabwino wopanda kufunsa umandinyansa kuposa nkhanza.

Anati fulashi ndi zachikale, zimagwira mavairasi, zimatayika. Vidiyo ya chinkhoswe akaiika pa intaneti, m'mwamba, kumene chiswe ndi wakuba sangafike. Anapita nayo fulashi ku Chileka, anaikadi vidiyoyo m'mwambamo, kenako anaifufuta fulashi yonse n'kuikamo makalata a kuntchito kwawo. Ndiyenera kunena zoona apa, ngakhale zimandiwawa. Fulashiyo ndinaipereka ndine, ndi dzanja langali, ndipo mawa lake ndinakadzitama pamjigo kuti kwathu tasiya zobenetsa kumsika. Ndikakumbukira mmene ndinkayankhulira tsiku limenelo, ndowa ili pamutu, ndimafuna kulavula.

Masiku oyamba zinkaonekadi zokoma. Dzuwa likawala bwino ndipo netiweki ikagona kumbali yabwino, tinkaonera chilichonse. Koma inveta inkalira ngati udzudzu tsiku lonse. Kamodemu kankaphethira osapuma. Kabokosi ngakhale ukazimitse ndi limoti, kankasiya kadiso kabuluu kali tong'o, kakuyamwabe moto. Batire limene linkayamwitsa tivi yokha tsopano linali ndi pakamwa panayi, ndipo m'mawa linkadzuka ndi kagetsi kamodzi. Nditawaimbira alamu anati ndisazule kalikonse, kabokosi kamadzikonza kokha anthu akagona. Ine, mwana wa mayi uja wowerenga timagetsi, ndinamvera.

Amalume athu alipo awiri. Aakuluwo diso lawo linali pa dimba kuyambira kale, ngakhale pakamwa ankanena zoti mkamwini ukamusiya mawa adzabweretsa mkazi wina pamalo a eni. Nditawakumbutsa mawu a amayi pachinkhoswe, anakanda m'mutu n'kunena kuti tsiku lija kunali phokoso lambiri, sakukumbuka. Aang'onowo ndi munthu wamantha koma wosanama. Anati ngati mawu a mlongo wawo alipodi, onse awamve mwambo usanayambe, ndipo palibe angatsutse womwalira. Aakulu anavomera monyinyirika. Tsiku lomwelo ndinawapempha alamu kuti abwezere vidiyoyo pa fulashi.

"Alamu, mukuopa chani?" anatero akuseka pafoni. "Zimenezi n'kungodina kamodzi basi."

Mlungu wa mwambowo kunagwa chiperoni. Masiku atatu dzuwa silinaoneke, kamvula kakungowaza. Alamu anafika Loweruka, mwambo uli mawa lake, ndipo pofuna kuonetsa kuti makina awo ndi amphamvu anaikira amalume mpira masana onse. Ndinaima pakhomo ndikuona amalume aakulu akutafuna chinangwa chimene analima abambo, akukalipira osewera a kutsidya kwa nyanja ngati akuwamva, uku kagetsi kachiwiri kakuzima pakhoma. Ndinanena kuti tisunge moto wa mawa. Alamu anati mawa kuwala, aona pafoni. Amalume aakulu anati mkazi asamasokoneze mpira. Ndinatuluka, koma mawaya sindinazule, ndipo mlandu umenewo ndi wanganso.

Lamlungu kunacha kuli mtambo womwewo. Titabwera kutchalitchi anthu anadzaza pabalaza: amalume awiri, ankhoswe a kwa abambo ochokera ku Mdeka, azakhali, ine ndi mng'ono wanga pamphasa. Abambo anavala jekete lomwe anavala pachinkhoswe, n'kukhala pampando wawo, manja ali pamaondo. Pakhoma panali kagetsi kamodzi.

Ikanakhala fulashi, kagetsi kamodziko kakanakwana n'kutsalako. Ukalowetsa, tivi imayamba pomwepo. Koma kabokosi ka alamu kanayamba ndi kutionetsa dzina lake, kenako kanati kakufuna kadzikonze kaye. Tinadikira. Katatha, kanafunafuna netiweki. Kataipeza, kanatibweretsera kaye malonda a mafuta odzola, mtsikana akusisita mwendo wake pamaso pa ankhoswe, ndipo malondawo anaoneka bwinobwino osadukiza ngakhale pang'ono. Azakhali anaphimba kumaso ndi chitenje.

Kenako inayamba vidiyo yathu, mapazi aja. Sipanapite nthawi, chithunzi chinaima, pakati pa tivi panabwera kamkombero kozungulira. Alamu anadina kuti tidumphe kufika pa amayi, kamkombero kanabweranso. Anatulutsa kamodemu pawindo, anakamangirira kunsonga ya nsungwi, mng'ono wanga akugwirira nsungwiyo panja pamvula. Thukuta linali kamukamu pamphumi pa alamu ngakhale kunkazizira. Kagetsi ka pakhoma kanasanduka kofiira, inveta n'kuyamba kulira motswiima.

Ndiye amayi anaoneka. Anaimirira, anakonza chitenje m'chiuno, anakweza dzanja kuloza abambo, anatsegula pakamwa. Pomwepo chithunzi chinaimanso. Amayi anga anauma pakamwa pali yasa, maso atatsinzina theka, kamkombero kakuzungulira pamphuno pawo. Sindinaonepo chinthu chonyansa ngati chimenecho, mayi wolemekezeka, wakuti tamuika m'manda ndi nyimbo, ataumitsidwa ngati wogwidwa ndi khunyu pamaso pa achimwene ake ndi mwamuna wake. Kamkomberoko kanazungulira mwina kakhumi, inveta inalira komaliza, tivi n'kuda.

Alamu anayamba kuthamangathamanga. Anati tionere pafoni yawo, koma foniyo inali itatsala pang'ono kuzima, poti batire limene akanatchajira analimwetsa mpira. Anati akabwereke batire kumsika, pena anati tonse tikwere minibasi tikaonere ku Chileka. Amalume aakulu anayasamula n'kunena kuti iwo adikira mokwanira, anthu aona okha. Aang'ono anati palibe choipa kudikira mpaka mawa. Ankhoswe anayang'ana abambo, ndipo abambo anatembenukira amalume awiri aja n'kuyankhula motsitsa.

"Alamu, nonse awiri munalipo tsiku lija, munali pampando wakutsogolo. Ngati mawu a mlongo wanu akufunika batire kuti muwakumbuke, ndiye kuti simukuwafuna. Pitirizani mwambo."

Ndinagwada pafupi nawo kuwapempha kuti adikire tsiku limodzi lokha. Anandigwira paphewa.

"Mwanawe, amayi ako sangamazunguliridwe chinthu pankhope kachiwiri chifukwa cha ine."

Mwambo unachitika, anawasudzula abambo kuti abwerere kwawo. Ankhoswe anati atenge sola ndi tivi poti anagula ndi thukuta lawo, abambo anati ndi za ana. Mawa lake anamanga sutikesi pa njinga, anatenga khasu lawo, n'kuuyamba wa ku Mdeka akukankha njingayo. Tsiku lomwelo mtambo unang'ambika. Ndinazula kabokosi, kamodemu ndi inveta, n'kuziponya m'chikwama cha alamu, ndipo lisanathe Lachiwiri timagetsi tonse titatu tinali mbee pakhoma. Ndinatiyang'ana n'kutukwana mawu amene sindingalembe pano.

Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Chileka. Sindinalandire mpando kapena tiyi. Ndinaika fulashi yatsopano pathebulo n'kuima pomwepo mpaka alamu atatsitsa vidiyoyo kuchoka m'mwamba mwawo muja. Ntchito yonse inatha madzi a tiyi amene mng'ono wanga anateleka asanawire. Alamu anayamba kufotokoza kuti vuto silinali kabokosi koma batire lathu ndi laling'ono, tikufunika masola ena awiri. Mng'ono wanga anawauza kuti akhale chete, ndipo aka kanali koyamba kumumva akutero. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, koma wogonamo tsiku limenelo anali bambo anga.

Nditabwerera ndinaitana amalume. Ndinalowetsa fulashi mu tivi, amayi anaimirira n'kunena mawu awo onse osadukiza, kagetsi ngakhale kamodzi osagwedezeka. Aang'ono analira ngati mwana. Aakulu anati n'zomvetsa chisoni ndithu, koma mwambo wachitika kale, madzi akatayika saoleka. Mlungu womwewo ndinawaona ali m'dimba akuyeza mizere ndi mapazi. Mpaka lero ndimawapatsa moni chifukwa ndi amalume, koma masamba a m'dimbamo sindidya.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amayi ankakonda kutero akamakana kutha moto wa batire podalira dzuwa la mawa. Ife tinali ndi mawu awo m'manja, m'kanthu kochepa ngati chala, tinakawapachika kumwamba kuti tiziwapempha kwa netiweki. Chimene chimandinyansa kwambiri n'choti pamudzi pathu zimenezi zikupitabe patsogolo. Anthu akugula timabokosi, mabatire akufa, ndipo wina akakuuza kuti zithunzi zake zonse zili m'mwamba amanena mokweza kuti umve.

Kumene amakhala abambo kulibe tivi. Amagona m'chipinda chakumbuyo kwa mwana wa mlongo wawo. Ndinapita kwa bambo wa kompyuta uja kumsika, anandichotsera mawu okha mu vidiyoyo, ndipo ndinagula kawayilesi kakang'ono kolowa fulashi, kokhala ndi kasola kake kumsana. Ndinawapeza abambo pakhonde akusongola mpini. Ndinawauza kuti amalume aang'ono amva, alira, ndipo akuti abwerere, aakuluwo athana nawo. Anapukusa mutu, anati munthu sasudzulidwa kawiri.

Ndinayatsa kawayilesiko. Anasiya mpini, anamvetsera phokoso la chinkhoswe, kuseka kwa anthu, mpaka mawu a amayi anamveka, onse, kufika pa nthungululu. Anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kundifunsa kuti kakatchajidwa kamodzi kamatha masiku angati. Ndinati kamatha mlungu.

"Amayi ako akanakakonda aka," anatero, n'kukazimitsa kuti moto usathe.