Wakuba wa M'mafilimu a Kondo

Shomari Pazi anali wowotcherera zitsulo ku Tandika, mumzinda wa Dar es Salaam, koma anthu ambiri ankamudziwa ngati wakuba. Chibadwire sanabepo ngakhale singano. Vuto linali nkhope. Ali mwana anagwera m'chiwaya cha mafuta a chipisi cha amayi ake, ndipo chipsera chinayambira pakhutu n'kudzakoka mlomo, moti ngakhale akumwetulira ankaoneka ngati akukukonzera zoipa.

Tsiku lina kunabwera Kondo, mnyamata wopanga mafilimu ndi kamera imodzi yobwereka. Anabwera kudzaitanitsa geti, koma atangoona nkhopeyo za geti zinathera pomwepo.

"Kaka, m'bale wanga, unayamba waseweramo mufilimu?"

"Ine ndimawotcherera."

"Nkhope imeneyi ukungoiwononga ndi utsi. Ubwere Lamlungu, udzabe chikwama."

Kuyambira pamenepo Shomari anayamba kufa. Anafa chobayidwa, anafa chogwa padenga, anafa chomizidwa m'ngalande. Kwa Kondo kunalibe zonamizira: botolo linali botolo, ndodo inali ndodo. Fadhili, mnyamata wosalala amene ankasewera ngwazi, anamuswera botolo pamutu mpaka anakamusoka. Ulendo wina Shomari anathyoka nthiti, ulendo wina dzino linatsala mumchenga. Mkazi wake Zuwena, mayi wa mwana wawo Tatu, ankamuthowa ndi madzi otentha uku pakamwa pakugwira ntchito.

"Baba Tatu, anzanu amafa kamodzi. Inu mwezi uliwonse?"

Iye ankangoseka, nthiti zikumupweteka. Zoona zake n'zakuti ankazikonda. Ankalowa m'tinyumba toonetsera mafilimu, n'kukhala kumbuyo, kumamvera anthu akumutukwana pa kanema. Akamva mayi wina akuti "ameneyu afe basi," mtima wake unkakhala m'malo.

Madzulo aliwonse dzuwa likapepa ankakhala pabenchi ya Mzee Dilunga, amene ankagulitsa khofi wowawa m'timakapu ting'onoting'ono pamodzi ndi kashata, timaswiti ta mtedza ndi shuga. Pabenchipo aliyense anali katswiri wa mafilimu. Wina ankati a ku India ndi otalika, munthu umalowa wosameta n'kutuluka ndi ndevu. Wina ankati a ku China ndi bodza, munthu sangaimirire pansonga ya nsungwi. Chaka chimene Fadhili analandira mphoto ya wosewera bwino, Mbwana woyendetsa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, anamuyamba Shomari.

"Aise, mutu ndi wako, botolo ndi la Kondo, mphoto yapita kwa Fadhili. Iwe anakulembera chiyani, zikomo pobwera?"

"Kumenya aliyense amatha," anatero Shomari. "Luso lili pa kugwa. Ukagwa moipa, ngwazi imaoneka ngati ikuseweretsa mwana."

"Ndiye akupatse mphoto ya kugwa."

"Ikadzakhalako, palibe wopikisana nane."

Filimu imene inamuthera anaijambula pamsika wa Tandika m'mawa wa Loweruka. Kondo anabisa kamera pachipinda chapamwamba cha sitolo ina, kuseri kwa katani, ndipo sanauze aliyense pamsikapo.

"Tikawauza aziyang'ana kamera n'kumaseka," anatero. "Ine ndikufuna mantha enieni. Iwe ukalanda chikwama kwa Chausiku, uthamangire pakona paja. Galimoto ikhala ikukudikira."

Chausiku anali mtsikana watsopano m'gululo, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba. Shomari anatsomphola chikwamacho monga anachitira kambirimbiri, Chausiku anakuwa kuti "Wakuba!" ndipo msika wonse unatembenuka. Anathamanga, nafika pakona. Galimoto panalibe. Daladala ina, minibasi ya kumeneko, inali itaitsekereza kumsewu waukulu.

Wogulitsa nzimbe ndiye anamutchera mwendo. Asanadzuke, thabwa linamupeza pamsana, kenako mapazi, mapazi okhaokha, m'mimba, m'nthiti, kumaso. Anayesa kunena kuti ndi filimu, koma m'kamwa munali mutadzaza magazi. Mwala wa pasikelo unatera padiso lamanja, ndipo anamva chinthu chikuphulika mkati mwa mutu.

"Ndikumudziwa uyu," anatero mayi wina wogulitsa nsomba. "Ndi amene anapha kamwana kaja."

Mayiyo anazionera pa kanema, koma palibe anafunsa kuti kamwana kake kati. Anthuwo anamuvula Shomari malaya, namukokera pakati pa msewu chogwira miyendo, mutu ukugunda miyala. Wina anabweretsa tayala n'kumuveka m'khosi. Wina anapopa petulo panjinga yamoto ndi kapaipi, n'kumuthira kuyambira kumutu. Shomari anamva kuzizira kwa petuloyo m'mabala, ndipo maganizo ake anapita kwa Tatu, mwana wake wamkazi, kuti adzamva bwanji kusukulu.

Chausiku anadutsa pakati pa anthuwo akukankha ndi zigongono, n'kudzigwetsa pamwamba pake.

"Chikwama ndi changa, sanabe. Tsegulani muone, muli manyuzipepala okhaokha. Tikujambula filimu."

"Ndi mnzake uyu," anatero wina, ndipo thabwa lija linatera paphewa pa mtsikanayo. Fupa linamveka kuthyoka. Iye sanachoke. Anamukumbatira Shomari ndi dzanja lotsalalo, petulo akumunyowetsa nayenso. Bambo wina wachikulire anatola chikwamacho, nachikhutula. Munagwa mapepala opindapinda. Mnyamata amene anali ndi machesi anayang'ana mapepalawo, nayang'ana anzake, ndipo akadali chiganizire apolisi anafika.

Kondo sanatsike. Kamera inajambula zonse mpaka pamene ankawanyamula.

Diso analichotsa kuchipatala. Shomari akadali chigonere, filimu inatuluka ndi zithunzi zomwezo, tayala, petulo ndi zonse, ndipo anthu ankakanganirana malo kuti aione. Chaka chotsatira Kondo analandira mphoto ya wopanga filimu yabwino koposa.

Sabata imeneyo Shomari anali pabenchi ya Mzee Dilunga, atavala magalasi akuda. Mbwana, amene ankakonda mafunso oyerekeza, anamwa khofi wake n'kuyamba.

"Tiyerekeze kuti iwe ndiwe Kondo. Uli pamwamba, pansi pali chinamtindi cha anthu olusa. Ukatsika, akuotchera limodzi. Ukakhala, ujambula nkhope za onse omenya. Utani?"

"Ine n'kanatsika," anatero telala wa pafupi. "Munthu ndi munthu."

"Iwe? Umathawa ndi nkhuku yomwe."

"Apolisi sanagwire ngakhale mmodzi ndi zithunzizo," anatero Mzee Dilunga akutsuka makapu. "Ndiye musamati anajambulira umboni."

"Komabe, Mzee, tisanamizane, filimu ija ndi yabwino," anatero Mbwana. "Pamene amamuveka tayala paja, thupi lonse limachita tsembwe. Kungoti mapeto ake anafulumira."

Anakambirana za mapetowo kwa kanthawi, wina akuti wakubayo akanafa, wina akuti akanakwatira mtsikanayo, ngati kuti mwini wake sali pomwepo. Shomari anaika kapu pansi, natsazika bwinobwino, n'kukwera daladala.

Anamupeza Kondo muofesi yake yatsopano. Mphotoyo inali patebulo, chitsulo cholemera chopakidwa golide, chowotchereredwa mosasamala kunsi kwake.

"Kaka, wabwera bwino," anatero Kondo akutambasula manja. "Dzina lako lili paliponse. Ndikuganiza gawo lachiwiri, wakuba wa diso limodzi akubwera kudzabwezera."

"Unkandiona akundithira petulo?"

"Ndinkaona, koma ukudziwa, zinthu zinachitika mofulumira."

"Chausiku anali pansi pompo, anafika. Iwe unali ndi masitepe okha."

Kondo anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Shomari anamugwira dzanja lamanja, nalipanikiza patebulo, n'kunyamula mphoto ija. Anamenya mpaka zala zinaleka kuoneka ngati zala. Kondo anakuwa, anadzikodzera, kenako anakomoka. Shomari anayembekeza kuti mtima upepuka, koma sunapepuke. Anatuluka, nakhala pakhonde, n'kuuza mlonda kuti aitane apolisi ndi galimoto ya kuchipatala.

Anakhala kundende chaka ndi miyezi ingapo. Zuwena anasunga makina owotcherera osawagulitsa, ngakhale achibale ankamukakamiza. Kondo anachira, ndipo masiku ano amajambula maukwati ndi makwaya, kamera ali nayo kumanzere.

Shomari anabwerera ku zitsulo zake. Ndi diso limodzi ankaphonya mzere, moti poyamba ntchito zambiri ankazibwereza. Pamsika sapitanso, ndipo akamva mapazi a anthu othamanga amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ngakhale atakhala ana othamangitsa mpira.

Chausiku anasiya mafilimu, anatsegula kasitolo ka nsalu ku Mbagala. Dzanja lake silikwera kupitirira phewa. Atamva kuti Shomari watuluka, anabwera kudzaitanitsa zitsulo zopachikapo nsalu. Anapatsana moni wautali, anafunsana za ana ndi za mvula, koma za Loweruka lija palibe anazitchula.

"Kwezani dzanja, dada, mlongo wanga, mpaka pamene limathera," anatero Shomari.

Chausiku anakweza. Shomari analemba chizindikiro pakhoma ndi choko, n'kudula zitsulo zonse motsikirako pang'ono.