Usipa Umene Ndinkapatsa Galu

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa ku Chintheche ndinayamba kutopa popanda chifukwa. Kungofufuta bolodi, befu. Kuchipatala atandiyeza magazi, adokotala anati mapulatileti, tinthu ting'onoting'ono timene timaumitsa magazi pabala, achuluka kupyola muyeso. Anafotokoza zambiri, koma ine ndinali nditasiya kumvera. Bambo anga kwathu ku Dedza anamwalira ndi sitiroko, ndipo pamaliro anthu ankati magazi anawachulukira. Ndinangoona ana anga awiri atatsala okha kwa eni.

Ndiye tangoganizani, pawindo la mankhwala anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi! Ndinati awa asokoneza mapepala. Mapilitsiwo ndinawaponya pansi pa sutikesi, n'kudziikira malamulo: nsomba ayi, masamba ayi, poti zimawonjezera magazi. Uphunzitsi umapusitsa, umayesa ukudziwa zonse.

Pafupi nane pankakhala mayi ena achitonga, amene manja awo ankamveka fungo la chinangwa chovika nthawi zonse. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa nyumba ndikudya dothi la pachulu ngati woyembekezera. Anandiyang'ana chikhatho, n'kunditsitsa chikope.

"Asambizi," anatero, ndiko kuti aphunzitsi m'Chitonga, "mwayera ngati ufa wa kondowole. Mulibe magazi imwe."

Kuyambira pamenepo ankandibweretsera mbale ya chigwada ndi usipa. Ine ndinkathokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, ama," koma akangotembenuka ndinkakhuthulira galu wawo. Galuyo ananenepa mpaka kunyezimira. Ine ndinagwa m'kalasi, choko chili m'manja.

Mayiwo ndiwo anandiperekeza kuchipatala. Adokotala atafunsa za mapilitsi aja, ndinaulula. Sanakalipe. Anabwereza pang'onopang'ono kuti mapulatileti amachuluka pa zifukwa zosiyanasiyana: matenda ena akalowa m'thupi, munthu akachitidwa opaleshoni, ndipo mwa apo ndi apo vuto limakhala m'mafupa momwe magazi amapangidwa. Kwa ine vuto linali kuchepa kwa ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, chifukwa ndinkataya magazi ambiri mwezi ndi mwezi. Ayironi akabwerera, mapulatileti adzatsika okha. Manyazi anandigwira. Ndinkadzipha ndekha ndi mantha.

M'minibasi pobwerera ndinaulula za galunso. Tinatsika ine ndikuganiza kuti chinansi chathera pomwepa.

Mawa lake anabwera ndi mbale ngati kale, koma atanyamulanso kampando kawo. Galu anammangirira kumtengo wa mango, iwo n'kukhala pakhomo panga.

"Mapilitsi kaye. Kenako idyani ndikuona."

Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene chinangwa chinkawadikira kumadzi. Patapita miyezi ingapo ndinakayezetsanso, adokotala anati zonse zabwerera m'chimake. Galu uja anaonda, ndipo sanandikhululukire.

Ana anga anakula ine mayi wawo ndili moyo. Mayi achitonga aja anamwalira ndisanaphunzire Chitonga chokwanira kuwathokoza. Ndinali ndi "yewu" yekha uja, yemwe ndinayamba ndawanamiza naye.