Tsiku Limene Ndinabulancha

Amalume anga ankayendetsa galimoto ya alendo pa loji ina ku Mfuwe, ndipo Chingelezi ankachithira paliponse ngati mchere. Atandipemphera ntchito yochapa zovala kwa mwezi wathunthu, bwana wa lojiyo anavomera kuti andione Lolemba, eyiti awazi m'mawa. Ndikachedwa, malo apita kwa wina.

"Uchoke ku Mnkhanya m'mawa," anatero amalume pa foni. "Ukakumana ndi njovu, usathawe. Ungobulancha."

Ine kusukulu sindinali mbuli. Aphunzitsi anatiuza kuti bulanchi ndi nthambi, ndipo pamayeso ndinachongedwa. Kuti anthu a m'magalimoto akati kubulancha ndiye kupatuka, kulowa njira ina, zimenezo palibe anandiuza. Kufunsa ndinachita manyazi.

Lolembalo ndinapalasa njinga ya bambo, nditavala chitenje chatsopano. Nditangowoloka kamtsinje kouma, ndinaziona: njovu zisanu, phee pakati pa msewu. Kumanzere kunali kanjira kabwinobwino kolambalala. Ndinakaona ndithu. Koma mawu a amalume ndi mawu a amalume. Ndinagoneka njinga, n'kukwinya chitenje, n'kukwera mtengo wa bwemba.

Njovuzo zinalibe changu. Ina inabwera kudzanunkhiza chishalo cha njinga, kenako inayamba kuthyola masamba pansi pa mapazi anga. Mantha ndinali nawo, koma chimene chinkandiwawa kwambiri n'kuona dzuwa likukwera, ntchito yanga ikupita.

Cha m'ma teni awazi zinachoka, ndipo posakhalitsa kunatulukira galimoto ya loji. Amalume anali atatuluka kudzandifunafuna, bwana ali pambali pawo. Anaona njinga, n'kukweza maso.

"Mwadzuka bwanji, amalume?" ndinatero ndili m'mwamba.

"Iwe, ukutani kumeneko?"

"Ndabulancha, monga munanenera."

Bwana anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati munthu womvera malangizo chotere sangamusiye, ndiyambe mawa lomwe.

Amalume okha sanaseke. Anayang'ana masamba othyokawo, n'kuyeza ndi maso pamene chitamba chinafika ndi pamene panali miyendo yanga. Ananditsitsa mosamala.

"Ndikanamuuza chiyani mlongo wanga?" anatero chapansipansi.

Kenako anandifotokozera njira yobwerera kunyumba m'chilankhulo chathu cha Chikunda, pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndibwereze.