Mkazi Wonyamula Mbaula

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene agogo Elvira anasiya kudya. Tinkakhala ku Springburn, dera la mumzinda wa Glasgow, m'fulati ya pamwamba, ine ndi amayi anga awiriwiri, ndipo khomo la agogowo linkayang'anizana ndi lathu. Sanali agogo anga enieni. Anali mayi wa ku Chile, wamfupi, wa tsitsi loyera ngati thonje, amene anafika ku Glasgow kalekale asilikali atalanda boma kwawo. Amuna awo anali atamwalira, mwana analibe. Amayi ndiwo anandilamula kuti ndiziwatchula agogo, chifukwa kwa iwo munthu wa imvi saitanidwa ndi dzina ngati mnzako wa kusukulu, ngakhale akhale wa dziko liti.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku nyumba ina ya ku Easterhouse, ndipo ankaweruka mochedwa. Choncho ndikabwera kusukulu ndinkagogoda kwa agogo Elvira. M'nyumba mwawo munkanunkhira anyezi wokazinga ndi sopo wochapira, ndipo pa tebulo lawo laling'ono la mipando iwiri pankakhala buku limodzi lokalamba, la chikuto chong'ambika, lolembedwa m'Chisipanishi. Analilemba mlembi wina wotchuka wa kwawo, yemwe anamwalira iwo asanabadwe. Ankandiwerengera ndime imodzi m'chilankhulo chawo, kenako n'kundifotokozera m'Chingerezi chawo chokhotakhota chija. Chisipanishi sindinkamva ngakhale liwu limodzi, koma ndinkakonda momwe mawu awo ankatsikira akamawerenga.

Bukulo linkakamba za mabanja olemera a ku Santiago, likulu la dziko lawo, anthu a minda ikuluikulu yolimidwa ndi ena, okwatitsa ana awo poyang'ana kukula kwa munda. Koma agogo sankasamala kwenikweni za maukwatiwo. Iwo ankafuna kuti ndimvetse nyumba. Ankajambula ndi chala pa tebulo: bwalo loyamba, la alendo ndi abwana. Bwalo lachiwiri, la adona ndi ana. Bwalo lachitatu, kumbuyo kwenikweni, la khitchini, nkhuku, madzi otayidwa ndi antchito.

Panali tsamba lina limene ankaimapo nthawi zonse. Ndi nyengo yozizira, azimayi olemera akucheza m'chipinda cha alendo, ndipo wantchito wamkazi akulowa atanyamula mbaula ya makala.

"Waona? Alibe dzina," ankatero, chala chili pa mzerewo. "Mlembiyu anali ndi maso akuthwa, ankaona chinyengo chonse cha anthu olemera. Koma mkazi uyu anangomupatsa mzere umodzi. Ine ndinabadwira m'bwalo lachitatu, Tadala. Amayi anga sindinawaonepo atakhala pa tebulo. Ankadya ataimirira pakhomo, khutu lili ku belu la abwana."

Ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali pa buledi wawo wotentha. Mwana wa zaka khumi amamva zinthu zambiri zimene amazisunga osadziwa kuti wazisunga.

Chisanu chitafika agogo anaterereka pa masitepe a panja n'kuthyoka m'chiuno. Atatuluka m'chipatala anabwera ali munthu wina. Ankayenda ndi choyendera cha chitsulo, ndipo mutu wawo unkachoka n'kubwerera ngati magetsi a kwathu ku Zomba. Tsiku lina ankandidziwa bwinobwino, tsiku lina ankandilankhula Chisipanishi chokhachokha n'kumadabwa kuti sindikuyankha.

Amayi anaitenga nkhaniyo ngati yawo. Anasintha nthawi zawo za ntchito kuti aziwaphikira masana. Ndipo amayi anga akafuna kulemekeza munthu salemekeza mwatheka. Ankalowa ndi beseni la madzi ofunda ndi kathaulo, n'kugwada kuti agogo asambe m'manja. Ankagwadanso poika mbale pa tebulo. Akatero ankabwerera chambuyo mpaka pakhomo la khitchini, n'kuima pamenepo manja atagwirana kutsogolo, kudikira kuti wamkulu adye mwaufulu. Ndi mmene anaphunzirira kwa amayi awo, ndi mmenenso ankandiphunzitsira ine, ngakhale sukulu ya ku Glasgow inali itayamba kale kundiwononga, malinga ndi iwo.

Agogo ankayang'ana mbale, n'kuyang'ana amayi ali chiimire pakhomo paja, kenako n'kutembenukira ku khoma. Supu ankazizira mpaka mafuta kuuma pamwamba.

Amayi anaganiza kuti vuto ndi kaphikidwe kawo. Anachepetsa mchere. Anafunsa mnzawo wina wa kuntchito momwe azungu okalamba amakondera mbatata. Anayesa nkhuku, nyemba, phala, dzungu. Azimayi a ku tchalitchi kwathu anabwera Lamlungu lina kudzapemphera, nawonso n'kugwada m'chipinda chonse, ndipo agogo analira mwakachetechete mpaka alendowo anachoka. Ndinaona amayi akutaya chakudya chabwinobwino, milomo ili yomangika, ndipo ndinkadziwa kuti zikuwapweteka kwambiri, chifukwa munthu kukana chakudya chawo kwa iwo kunali kukana iwo amene.

Namwino wa boma amene ankabwera kudzaona agogo anawayeza pa sikelo, n'kutulutsa amayi panja. Ine ndinamva ndili pa masitepe. Anati agogo akapitiriza kuwonda chonchi sangakhalenso okha, adzawatengera ku nyumba ya okalamba. Ananena mwaulemu, sanali munthu woipa. Koma agogo anamva nawo, ndipo madzulo ake anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zawo zinasiya zizindikiro.

"Asabwere ndi galimoto," anatero. "Anthu a yunifomu akabwera ndi galimoto pakhomo, munthu sabwerera."

Sindinkadziwa nthawi imeneyo kuti mchimwene wawo anatengedwa choncho kwawo, m'masiku a asilikali, ndipo sanaonekenso. Ndinangodziwa kuti ali ndi mantha, ndipo manthawo anandilowa inenso. Galimoto iliyonse yoyera ikaima mumsewu mwathu ndinkathamangira pa windo.

Loweruka lina ndinabwera kuchokera ku dziwe losambirako ndili ndi njala ya galu. Kwathu kunali kokhoma, ndiye ndinalowa kwa agogo. Amayi anali pamalo pawo, pakhomo la khitchini. Agogo anali atayang'ana khoma. Pa tebulo panali supu wa nkhuku akufuka nthunzi ndi buledi. Sindinaganize n'komwe. Ndinakoka mpando wachiwiri uja, ndinakhala, ndinanyema buledi n'kumuviika m'mbale ya agogo.

"Tadala!" Mawu a amayi anali otsika, ndipo mawu awo akatsika ndiye kuti zavuta. "Dzuka pamenepo. Wapenga?"

Ndisanadzuke, agogo anatembenuka. Anandiyang'ana ndikutafuna, n'kutola supuni. Anamwa kamodzi, kawiri. Kenako maso awo anapita pakhomo paja, ndipo supuni inabwerera pa tebulo. Ananena mawu ena m'Chisipanishi, ofewa, ochonderera, koma amayi anali atandigwira kale khutu.

Kunyumba ndinalandira zanga. Amayi ankalankhula akupukuta mbale imodzi yomweyo mobwerezabwereza. Mwana wanji wopanda mwambo, wopisa m'mbale ya munthu wamkulu, wodwala? Akamva anthu a ku tchalitchi adzati ndinaleredwa ndi ndani? Ine ndinkalira, khutu likutentha, ndipo m'kulira momwemo chinthu chimene ndinachisunga chija chinangotuluka.

"Agogo amakuonani ngati amayi awo! Mumaima pakhomo ngati amayi awo!"

Anasiya kupukuta. Ndinawafotokozera mosokonekera, Chichewa ndi Chingerezi pamodzi, za mabwalo atatu, za mkazi wa mbaula, za kudya choimirira khutu lili ku belu.

"Ine sindine wantchito wawo," anatero amayi. "Ndimawalemekeza."

"Ndikudziwa. Koma iwo sakudziwa."

Amayi anakhala pa sofa, mbale ili pamiyendo. Ndinkayembekezera kuti andikalipiranso chifukwa choyankha, koma anangoyang'ana pa windo. Kenako ananena, ngati akudzilankhulira okha, kuti agogo awo aakazi anagwirapo ntchito m'nyumba ya mzungu wa esiteti ku Thyolo, ndipo mpaka imfa yawo sankatha kukhala pa mpando mlendo akakhalapo. Usiku umenewo sanandipepese, ndipo inenso sindinayembekezere.

Mawa lake titachoka ku tchalitchi amayi anaphika supu yemweyo, n'kundiuza kuti ndinyamule mbale ziwiri. Beseni analisiya. Analowa kwa agogo, anaika mphika pa tebulo ali chiimire, ndipo ndinaona mawondo awo akufuna kupinda okha, iwo n'kuwaletsa. Anakoka mpando wachiwiri uja. Anakhala m'mphepete mwenimweni, msana uli njo, ngati munthu amene akuopa kuti mpandowo umuwotcha.

Agogo anawayang'ana. Kenako anagwira choyendera chawo n'kuimirira. Amayi anafuna kudzuka kuti awathandize, koma agogo anawakanikiza paphewa ndi dzanja lawo lowonda lija. Anatenga chipande. Supu wina anatayikira pa nsalu ya pa tebulo, koma agogo anadzaza mbale ya amayi mpaka m'milomo, n'kusankha nthuli yaikulu ya nkhuku n'kuiikamo. Anayalanso kathaulo pamiyendo ya amayi.

"Idyani, Mamá," anatero m'Chingerezi. "Abwana kulibe. Belu silirira."

Tsitsi langa linaima. M'chipindamo munali anthu atatu, koma ndikulumbira kuti ndinamva ngati muli wachinayi, ataima pakhomo la khitchini pamene amayi ankaima paja, ndipo sindinalimbe mtima kuyang'anako.

Amayi anga, amene sanadyepo wamkulu asanadye, anatola supuni. Misozi inkatsikira m'mbale. Anameza, n'kuyang'ana mayi wokalamba kuposa amayi awo owabereka, n'kunena m'Chichewa:

"Zikomo, mwanangu. Khala pansi udye nawe."

Agogo sankadziwa Chichewa, koma anakhala pansi. Anamaliza mbale yonse, n'kupukuta ndi buledi.

Kuyambira pamenepo amayi ankadya nawo masana alionse amene akanatha, ndipo akakhala kuntchito mpandowo unali wanga. Agogo ananenepako pang'ono, namwino uja anasiya kukamba za kuwasamutsa. Anaona chilimwe, anaonanso chisanu china. Anamwalira pa bedi lawo, m'nyumba mwawo, ndipo galimoto inabwera pakhomo iwo atapita kale. Buku lija analitenga mnzawo wina wa ku Chile amene anayendetsa za maliro.

Patapita zaka, ndili pa yunivesite ku Hillhead, ndinalipeza bukulo mu laibulale litamasuliridwa m'Chingerezi. Ndinaliwerenga lonse. Ndi buku labwino ndithu, lolimba mtima, ndipo limavula olemera a nthawi imeneyo popanda chisoni. Koma ine ndinkafuna tsamba limodzi. Ndinalipeza. Mkaziyo analowa, anaika mbaula pansi, ndipo azimayi aja anapitiriza kucheza za ukwati. Ndinawerenga mpaka kumapeto kwa mutuwo, ndinabwereranso, ndinatsata mzere uliwonse ndi chala monga ankachitira agogo. Palibe pamene palembedwa kuti anatuluka. Mlembiyo anamulowetsa m'chipinda n'kumuiwala momwemo.

Lero ndikumvetsa kuti amayi sanalakwe pogwada, ndipo agogo sanalakwe pokana kudya. Ulemu wa kwathu unakaponda pa bala la kwawo, ndipo kuti agogo akhale ndi moyo m'nyumba mwawo, amayi anayenera kusiya ulemu umene ankaudziwa n'kulola kutumikiridwa, chinthu chimene chinawavuta kuposa kugwada kulikonse. Tsopano nawonso akalamba. Ndikawapatsa chakudya ndimagwada, chifukwa amakondwa ndikatero, kenako ndimakoka mpando n'kukhala pambali pawo. Koma mpaka lero sinditha kumeza ngati wina waima pakhomo ine ndikudya. Ndimaika supuni pansi, n'kumuuza kuti akhale.