Ombwe m'damu la mwini munda

Kuseri kwa nyumba yathu pa komboni, kufupi ndi Darwendale, kunali zitsamba zinayi za ombwe. Anabzala ndi apongozi anga, mzungu asanachoke pa famu. Ombwe amatalika kupitirira munthu pang'ono. Masamba ake amandandalika awiriawiri pa kaphesi kamodzi, aubweya wofewa, otuwa kunsi. Maluwa ndi oyera, opangika ngati a nyemba koma aakulu, ndipo akayoyoka pamabwera makoko aubweya wofiirira. Mbuzi, ndi dyera lake lonse lija, imangonunkhiza n'kudutsa.

Famu itagawidwa, komboni inagwera m'munda wa bambo wina wa ku Harare. Anatilola kukhala, bola tizimugwirira maricho, ganyu yemweyu. Pepala lililonse tinalibe. Tinabadwira pomwepo, ku Malawi timangokumva, ndiye akanangoti "chokani" tikanagona pamsewu.

Chilimwe china ana a ng'ombe ake anadzaza nkhupakupa. Ine, kufuna kuoneka wodziwa, ndinati ndithana nazo. Ndinasinja masamba, kuviika mumgolo, kusefa ndi thumba, n'kuwasambitsa. Nkhupakupa zinagwadi. Koma ine chiwiya chakuda sindigona nacho. Ndinakatsuka mgolo ndi thumba m'kadamu ka kumunsi, nsenga zonse n'kukhuthulira momwemo. Ndinkadziwa kuti makolo ankaphera nsomba ndi ombwe. Ndinkadziwanso kuti mwini munda anaikamo nsomba zoweta. Zinthu ziwirizi sizinakumane m'mutu mwanga.

Masana amuna anga anabwera akuthamanga.

"Mai mwana, mwatsukira kuti mgolo uja?"

Ndinathamangira kudamu. Madzi anali ataphwa ndi dzuwa, ndipo pamwamba ponse panali mbee, mimba za nsomba. Zina zinkayasamula kukamwa m'mphepete. Ndinakhala pansi m'matope.

Linali Lachitatu, ndipo mwiniwake amabwera Loweruka. Masiku atatuwo, galimoto ikalira kumsewu, ndinkatuluka kukasuzumira. Amuna anga anati tinamizire kutentha kwa dzuwa, koma komboni yonse inandiona nditasenza mgolo. Ndinkaopa kunama, ndinkaopanso kunena zoona.

Loweruka ndinagwada pafupi ndi galimoto yake asanatsike n'komwe.

"Baba, ndini ndakatadza. Ndine ndalakwa, ndapha nsomba zanu. Sikunali kufuna."

Anapita kudamu, ife tikutsatira patali. Fungo linali litafika kale kumunda wa fodya. Anaima nthawi yaitali manja ali m'thumba. Ndinkalakalaka atandilalatira, ngakhale kundimenya mbama, nkhani ithere pomwepo. Sanakweze mawu.

"Zitsamba zimenezo muzule lero. Za nyumba tichataura, tidzakambirana tikakolola fodya."

Tinazula tsiku lomwelo. Fodya tinakolola, bamboyo sananene kanthu. Takololanso kawiri, ndipo akabwera amatipatsa moni bwinobwino. Denga lathu likudontha pakona, koma amuna anga akati tigule lata, ndimawauza kuti tiyambe taona kaye.